Kuphatikiza P(q) ndi S(q): njira zimene zilipo, ndi pamene iliyonse imayamba kunama

Mukayeza sampulo ya tinthu ting'onoting'ono ndi X-ray kapena ma neutron pa ngodya zazing'ono, makina amakupatsani mzere umodzi wokha, I(q): kuchuluka kwa kuwala komwazika pa q iliyonse, pamene q ndi nambala imene imakula ngodya ikamakula. Koma mumzere umodziwo mwalowa nkhani ziwiri. Yoyamba ndi ya kanthu kamodzi pakokha: n'kobulungira kapena n'katali, n'kakakulu bwanji, m'kati mwake muli chiyani. Imeneyo ndiye form factor, P(q). Yachiwiri ndi ya mmene tinthuto takhalirana, kaya tikukankhana, kaya tikukokana, kaya sitikulabadirana n'komwe. Imeneyo ndiye structure factor, S(q). Tinthu tikakhala patalipatali, S(q) imangokhala 1 paliponse ndipo mukhoza kuiiwala. Mutu umayamba kuwawa tinthu tikachulukana.

Ndipotu sitichita kufunika kuchulukana kwambiri. Tengani timipira tolimba tosalowerana, timene tadzaza gawo φ la malo onse a m'sampulo. Masamu a Percus-Yevick, amene Wertheim ndi Thiele anawamasula aliyense payekha mu 1963, amati pa q = 0 S imakhala (1 − φ)⁴ kugawa ndi (1 + 2φ)². Ikanimo manambala muone. Pa φ = 0.01, S(0) ndi 0.92. Pa 0.05 yatsika kale kufika 0.67, pa 0.1 ndi 0.46, pa 0.2 ndi 0.21. Ndiye kuti sampulo imene tinthu tadzaza magawo asanu okha pa 100 yataya kale gawo limodzi mwa atatu la kuwala kwake pa q yaing'ono. Munthu akajambula girafu ya Guinier (yopezera kukula kwa kanthu pa q yaing'ono) pa deta yotereyi osaganizira S(q), amapeza Rg (radius of gyration, muyeso wa kukula kwa kanthu) yocheperapo ndi kulemera kocheperako, n'kumasangalala kuti mzere wake ndi wowongoka.

Choncho funso si lakuti S(q) ilowemo kapena ayi. Funso ndi lakuti ilowe bwanji, chifukwa mapulogalamu monga SasView, SASfit ndi Irena ali ndi njira zingapo, ndipo sizipereka yankho limodzi.

Kungochulukitsa

Njira imene aliyense amayambira ndi I(q) = n·P(q)·S(q), kuwonjezapo background, pamene n ndi chiwerengero cha tinthu pa voliyumu. Mu sasmodels, laibulale imene SasView imadalira, zimalembedwa ndi chizindikiro cha @, monga sphere@hardsphere. Masamuwa ndi oona ndendende pa mtundu umodzi wokha wa sampulo: tinthu tonse tobulungira, tonse tofanana kukula, tokankhana kapena kukokana mofanana mbali zonse. Sampulo yotere m'labotale njosowa. Ngakhale timipira ta silica kapena polystyrene topangidwa mwaluso timasiyanako pang'ono.

Tinthu tikasiyana kukula, pulogalamu imatenga avareji ya P(q) pa makulidwe onse, kenako n'kuchulukitsa ndi S(q) imodzi yowerengedwa ndi radius imodzi. Cholakwika chake chimaonekera pa nsonga yoyamba ya S(q). Timipira tofanana timafola bwino, ndiye nsonga imatuluka yaitali ndi yosongoka. Timipira tosiyana sitingafole choncho. Ting'ono timalowa m'mipata ya tikuluti, nsonga n'kufupika ndi kutambalala. Model ya kungochulukitsa siidziwa zimenezi. Imabwera ndi nsonga yake yaitali, deta n'kuikana, ndipo pulogalamu pofuna kuti ziwirizi zigwirizane imatsitsa φ kapena kusuntha radius. Fit imaoneka yokongola koma φ imene mwapeza si ya sampulo yanu.

Komabe musainyoze njirayi. Kusiyana kwa makulidwe kukakhala kochepa ndipo φ ili pansi, imagwira ntchito yake bwinobwino, ndipo monga tione pansipa, pa q yaing'ono nthawi zina imaposa njira imene anthu amaiona ngati yapamwamba.

Batani la β

Mu 1983 Michael Kotlarchyk ndi Sow-Hsin Chen anafalitsa njira imene lero imatchedwa decoupling approximation. M'malo mwa S(q) mumaika 1 + β(q)·[S(q) − 1], pamene β(q) ndi |⟨F⟩|² kugawa ndi ⟨|F|²⟩. F ndi amplitude ya kanthu kamodzi, ndipo avareji ikutengedwa pa makulidwe onse ndi mbali zonse zimene kanthuko kangaloze. Tinthu tikakhala timipira tofanana, β ndi 1 ndipo mwabwerera ku njira yoyamba ija. Tikasiyana kukula kapena tikakhala tosabulungira, β imatsika, n'kufooketsa S(q). Kuyambira SasView 5 njirayi imasankhidwa ndi structure_factor_mode: 0 ndi kungochulukitsa, 1 ndi β, malinga model ya form factor imene mwasankhayo ikhale yoti imawerengera ⟨F⟩. Mu SASfit ilipo pamndandanda wa njira zophatikizira.

Poti n'kungosintha 0 kukhala 1, anthu ambiri amaganiza kuti 1 ndiye "yolondola kwambiri" ndipo amangoisiya pomwepo. Safunsa anadya phula. Dzina lenilenilo likunena zimene njirayi imaganiza: kuti malo amene kanthu kakhala sakugwirizana ndi kukula kwake kapena kumene kaloza. M'mawu ena, kanthu kakang'ono ndi kakakulu akuti onse amathamangitsa anzawo mtunda wofanana. Kwa timipira tolimba zimenezi si zoona m'pang'ono pomwe. Kampira kakakulu kamafuna malo aakulu.

Tiwerengere limodzi chitsanzo chimodzi, chifukwa pamanambala m'pamene nkhaniyi imaonekera. Timipira tolimba, φ = 0.2, makulidwe omwazika mwa Gaussian ndi σ/R = 0.2 (σ ndi kumwazika kwa ma radius, R ndi radius ya avareji). Tikufuna kudziwa kuti pa q = 0 kuwala kwatsika motani poyerekeza ndi tinthu tomweti titakhala patalipatali.

Kungochulukitsa kukupereka 0.21, monga tinawerengera pamwambapa.

Pa β, tikufuna ⟨V⟩² kugawa ndi ⟨V²⟩, pamene V ndi voliyumu ya kampira, ndipo radius ya avareji tiitenga ngati 1. Avareji ya R³ ndi 1 + 3(0.04) = 1.12, ndipo 1.12 kuchulukitsa ndi 1.12 ndi 1.254. Avareji ya R⁶ ndi 1.673. Ndiye β(0) ndi 0.75, ndipo 1 + 0.75 × (0.21 − 1) ikupereka 0.41.

Nanga yankho lenileni? Masamu a Percus-Yevick a timipira tosakanikirana makulidwe, amene Agienus Vrij anawapereka kumapeto kwa zaka za m'ma 1970, amawerengera gulu lililonse la makulidwe ndi linzake popanda kufupikitsa kwina. Pa q = 0 amatha kuwerengedwa ndi pensulo, ndipo pa chitsanzo chathuchi akupereka 0.23.

Ndiye taonani: 0.21, 0.41, ndi 0.23. Njira "yapamwamba" ija yaphonya pafupifupi kawiri, pamene kungochulukitsa kwaphonya pang'ono chabe. Ngakhale mutatsitsa φ kufika 0.05, manambala ake ndi 0.67, 0.75 ndi 0.69, β ikadali kutali kuposa inzake. Nanga pulogalamu imatani ikaona model ili pamwamba pa deta pa q yaing'ono? Imakweza φ, kapena imachepetsa kusiyana kwa makulidwe kuti β ibwerere kufupi ndi 1. Zonse ziwiri n'zonama, ndipo palibe uthenga wochenjeza umene umatuluka pa sikirini.

Kodi ndiye β njopanda ntchito? Ayi ndithu. Ili ndi malo ake awiri amene njira zina sizifikako.

Oyamba ndi tinthu tofanana tonse koma tosabulungira: mapuloteni, ma antibody okhala ngati chilembo Y, ma micelle (timagulu ta mamolekyu a sopo) otalikirapo pang'ono. Apa β(0) ndi 1 ndendende, popeza tinthu tonse n'tolemera mofanana, ndiye vuto la pa q yaing'ono lija palibe. β imayamba kutsika q ikamakwera, pamene mawonekedwe a kanthu ayamba kuoneka, ndipo imazimitsa mafunde a S(q) amene model ya timipira ikanawasiya pamalo poti deta ilibe. Amene amayeza ma antibody pa 100 mg/mL kapena kuposa amawerengera β(q) kuchokera pa mawonekedwe a molekyu enieniwo, ndipo apa njirayi ndi yomveka. Malire ake ndi kutalika. Timitengo titalitali tikachulukana timayamba kuloza mbali imodzi, monga Onsager anasonyezera mu 1949, ndipo zikatero ganizo loti kumene kanthu kaloza sikukhudzana ndi anzake lagwa. Kwa ma micelle aatali ngati nyongolotsi ndi mapolima, anthu amasiya S(q) ya timipira n'kupita ku RPA kapena PRISM, ma model ogwiritsidwa ntchito pa maunyolo a polima.

Malo achiwiri ndi pamene chimene chimathamangitsa anzake si thupi la kanthuko. Tinthu ta chaji yambiri m'madzi opanda mchere timakankhana tisanakhudzane n'komwe. Utali wa Debye, mtunda umene mphamvu ya chaji imafika m'madzi, pa mchere wonga NaCl, ndi pafupifupi 0.304 nm kugawa ndi square root ya kuchuluka kwa mchere mu mol/L: pa 150 mM ndi 0.8 nm, koma pa 1 mM ukuyandikira 10 nm. Micelle ya radius 2 nm yozunguliridwa ndi mpanda wa 10 nm, kukula kwake kwenikweni sikusintha kwambiri mtunda wa pakati pa iyo ndi inzake. N'chimodzimodzinso tinthu ta chikhungwa chakunja chofanana koma m'kati mosiyana. Pamenepo decoupling ikunena zoona.

Funso loti mudzifunse musanakhudze batanili ndi limeneli basi: chimene chikupangitsa kanthu aka kumwaza kuwala kwambiri, kodi n'chomwechonso chimene chikukapatsa malo aakulu? Ngati inde, β idzakusocheretsani pa q yaing'ono. Ngati ayi, igwiritseni ntchito.

Mbali inayo: aliyense ndi anzake ofanana naye

Jan Skov Pedersen mu 1994 anabwera ndi ganizo lotsutsana ndi decoupling kotheratu. Local monodisperse approximation imati kanthu kalikonse kazunguliridwa ndi tinthu tofanana nako kukula, ngati kuti sampulo ndi timagulu tambirimbiri, kagulu kalikonse ka makulidwe amodzi. Ndiye S(q) imalowa m'kati mwa integral: pa radius iliyonse mumachulukitsa P(q, R) ndi S(q, R) yake, kenako n'kuphatikiza zonse.

Kunena zoona, ganizoli nalonso silolondola. M'botolo la timipira ting'ono ndi tikuluti timasakanikirana. Koma zotsatira zake zimayandikira choonadi modabwitsa. Pa chitsanzo chathu chija, S(0) ya timipira tolimba imadalira φ yokha, ndiye njirayi ikupereka 0.21, kufupi ndi 0.23 ya Vrij. Pa nsonga, radius iliyonse ili ndi nsonga yake pamalo pake, ndipo zikaphatikizana zimatulutsa nsonga yotambalala yofupikirapo, monga deta imachitira. Apa m'pamene imaposera kungochulukitsa.

Ili ndi ubwino wina umene Pedersen ankaufuna kwenikweni. φ ikakhazikika, I(q) imadalira kamwazikidwe ka makulidwe mwa linear, choncho mukhoza kupeza kamwazikidweko popanda kuyamba mwaganiza kuti ndi Gaussian, Schulz kapena log-normal. Pa tinthu tomera m'kati mwa zitsulo zosakaniza, pamene kanthu kalikonse kamayamwa zipangizo za pafupi nako n'kusiya bwalo lopanda kanthu lolingana ndi kukula kwake, njirayi imafanana ndithu ndi zimene zikuchitika. SASfit ili nayo pamndandanda womwe uja. structure_factor_mode ya SasView ili ndi njira ziwiri zija zokha, ndiye wofuna iyi amayenera kudzilembera plugin model, imene si ntchito yaikulu kwa wodziwa Python pang'ono.

Kuwerengera zonse

Ngati tinthu tanu ndi timipira tolimbadi, bwanji osangogwiritsa ntchito masamu a Vrij? Palibe chifukwa chokanira. Griffith, Triolo ndi Compere anaperekanso mu 1987 yankho lotheratu la makulidwe omwazika mwa Schulz, ndipo kompyuta ya lero siimva kulemera kwake. Malire ake ndi a Percus-Yevick yeniyeniyo, imene imayamba kupatuka φ ikamayandikira 0.494, pamene timipira tolimba tofanana timayamba kuuma kukhala kristalo.

Vuto n'lakuti mayankho otheratu otere alipo pa mitundu yochepa ya kukankhana. Mukafuna chaji, kukokana ndi kusiyana makulidwe zonse pamodzi, mumafunika kumasula masamu a Ornstein-Zernike ndi manambala pa magulu angapo a makulidwe, kapena kugwiritsa ntchito njira zapakatikati. Scaling approximation ya Domenico Gazzillo ndi anzake, ya mu 1999, ndi imodzi mwa izo: imatenga S(q) ya tinthu tofanana n'kuitambasula kapena kuifinya malinga ndi makulidwe a tinthu tiwiri tilitonse. Imeneyinso ili mu SASfit, pulogalamu ya Joachim Kohlbrecher ndi Ingo Breßler imene inayambira ku Paul Scherrer Institute. Pa nkhani ya kuphatikiza P ndi S yokhayi, SASfit ndiyo ili ndi zosankha zambiri, ngakhale mawindo ake amatenga masiku kuti munthu awazolowere. Irena, ya Jan Ilavsky ndi Pete Jemian ku Argonne, imene imayenda m'kati mwa Igor Pro, mphamvu yake ili kwina: mumatha kuika magulu angapo a tinthu, lililonse ndi form factor ndi structure factor yake. Kumbukirani chabe kuti kuphatikiza magulu motero kumaganiza kuti gulu lina silikuona linzake.

Radius imene S(q) ikuona

Ndakhala nthawi yaitali pa njira zophatikizira, koma pa tinthu tosabulungira pali chosankha china chimene chimasuntha zotsatira kuposa zonsezo, ndipo chimakhala pakabokosi kamene ambiri sakayang'ana. Ma structure factor pafupifupi onse amene ali m'mapulogalamuwa ndi a timipira. Mukawapatsa silinda, amafunsa kuti: ndiitenge ngati mpira waukulu bwanji?

Tengani silinda ya radius 20 Å ndi utali 400 Å. Mu SasView, radius_effective_mode imakulolani kusankha, mwa zina, radius ya silindayo, theka la utali wake, kapena radius ya mpira wa voliyumu yofanana. Yoyamba ndi 20 Å, yachiwiri ndi 200 Å, yachitatu ndi 49 Å. Nsonga ya S(q) imakhala chakufupi ndi 2π kugawa ndi 2R, ndiye zosankha zitatuzi zikuiika cha pa 0.16, 0.016 ndi 0.064 Å⁻¹. Kusiyana kwa kakhumi. Poyerekeza ndi zimenezi, mkangano wa 0 kapena 1 pa β ndi wamng'ono.

Mpira wa voliyumu yofanana umaoneka wanzeru koma umachepetsa kukankhana, chifukwa kamtengo kakamatembenuka kamatsekereza anzake malo ochuluka kuposa voliyumu yake. N'chifukwa chake pali chosankha cha excluded volume pa silinda ndi cha average curvature pa ellipsoid, zimene zimayesa kuti second virial coefficient (muyeso wa mmene tinthu tiwiri timatsekerezerana malo) ya mpira ifanane ndi ya kanthu keniko. Pa φ yaing'ono ine ndimayambira pamenepo. Mukasankha 0, radius_effective imamasuka n'kukhala nambala yoti fit ipeze yokha. Zimenezi n'zothandiza pa tinthu ta ubweya wa polima wosaoneka bwino mu P(q), pamene radius yokankhanirana ndi yaikulu kuposa yooneka. Koma mukaimasula, yang'anani nambala imene yatuluka. Radius yokankhanirana yocheperapo kuposa radius ya thupi la kanthu ndi chizindikiro choti model yalakwika penapake, ngakhale χ², muyeso wa kugwirizana kwa model ndi deta, itakhala yokoma chotani.

φ ziwiri m'model imodzi

φ imalowa mu I(q) kawiri. Imakweza mzere wonse, popeza tinthu tambiri timamwaza kuwala kwambiri, ndipo imalowanso mu S(q). Mu P@S ya SasView, volfraction imagwira ntchito zonse ziwiri, ndipo pambali pake pali scale imene imangochulukitsa mzere wonse. Deta ikakhala pa absolute scale (I(q) yoyezedwa mu cm⁻¹) ndipo contrast (kusiyana kwa mphamvu yomwazira kuwala pakati pa kanthu ndi madzi ake) mukuidziwa, scale iyenera kukhala 1 n'kuikhoma. Mukasiya scale, volfraction ndi ma SLD (manambala amene amapereka contrast) zonse zomasuka, zimabisalirana: ina ikakwera ina imatsika, ndipo fit imakhala pomwepo.

Ndinalakwitsapo zimenezi. Ndinali ndi mzere wa ma vesicle umene unagwirizana ndi model bwino lomwe, volfraction ikutuluka cha ku 0.2 pamene ndinkadziwa kuti mafuta amene ndinaika m'botolo sakupitirira magawo asanu pa 100. Ndinatha masiku ndikukayikira sikelo yoyezera. Sikelo inalibe mlandu. Vesicle ndi thumba la madzi. Ya radius yakunja 500 Å ndi chikhungwa cha 40 Å, chikhungwacho ndi 0.22 chabe ya voliyumu yonse ya thumbalo. Kuwala kumamwazidwa ndi chikhungwa, koma anzake amatsekerezedwa ndi thumba lonse. Ndiye φ ya 0.05 ya chikhungwa ndi φ ya 0.23 kwa S(q), ndipo S(0) si 0.67 koma 0.17. Pa model iliyonse ya tinthu ta mphako kapena totupa ndi madzi, werengani malongosoledwe ake muone kuti volfraction ikunena voliyumu iti, ndiponso ngati pulogalamu ikusintha yokha nambalayo isanaipereke ku S(q).

Absolute scale imene ndikunenayi si yovuta kuipeza. Pa SAXS (kuyeza ndi X-ray), madzi pa 20 °C amamwaza 0.0163 cm⁻¹, ndipo pali glassy carbon ya NIST, SRM 3600. Theka la ola loyezera zimenezi limachotsa nambala imodzi yathunthu pa fit.

S(q) iti

Apa ndidutsa mofulumira, chifukwa chemistry ya sampulo ndiyo imasankha, osati χ². Timipira tolimba pa tinthu topanda chaji, kapena ta chaji yophimbidwa ndi mchere wambiri. Kukokana kwa pafupi kwambiri, sticky hard sphere ya Baxter ya mu 1968, kapena square well. Chaji, yankho la John Hayter ndi Jeff Penfold la mu 1981. Limeneli pa φ yaing'ono ndi chaji yambiri limatulutsa g(r), mwayi wopeza kanthu kena pa mtunda r, yopita pansi pa ziro, chinthu chosatheka, ndipo Jean-Pierre Hansen ndi Hayter anakonza zimenezi mu 1982 ndi njira ya rescaled MSA, imene ndiyo ili mu hayter_msa ya SasView. Mchere, kutentha ndi dielectric constant mumazidziwa kale, zilembeni n'kuzikhoma. Dielectric constant ikhale ya madzi anu pa kutentha kwanu, osati imene mwaipeza m'kabokosi. Chaji imene fit imapereka ndi chaji yooneka kuchokera patali, ndipo kawirikawiri imakhala yocheperapo kuposa imene mungawerengere pa molekyu, popeza ma ion ena amamatirira pa kanthuko.

Chenjezo limodzi: mzere ukakwera pa q yaing'ono, sticky hard sphere imaulandira mosavuta. Koma tinthu tochepa tomatirirana kukhala zibuma timakwezanso mzere pamalo omwewo. Kusefa sampulo kapena kuizunguza mu centrifuge n'kuyezanso kumakuuzani zambiri kuposa fit iliyonse.

Osaphatikiza n'komwe

Pali anthu amene funso lonseli amalizemba, ndipo nthawi zambiri ndi amene ali bwino. Oyeza mapuloteni amafuna P(q) yokha. Puloteni ya 10 mg/mL, pa 0.73 mL/g, ili pa φ ya 0.007, pamene S(0) ya timipira tolimba ndi 0.94, ndipo chaji ikhoza kuitsitsanso. Ndiye amayeza pa 1, 2, 5 ndi 10 mg/mL, n'kulondola mizereyo mpaka pa ziro, ntchito imene PRIMUS ya mu ATSAS, yochokera ku gulu la Dmitri Svergun ku EMBL Hamburg, imachita. Mukafunanso S, mumagawa mzere wa sampulo yokhuthala ndi wa yosungunuka, uliwonse utagawidwa kale ndi kuchuluka kwake. Chimene chimatuluka ndi S yooneka, yokhala kale ndi β ndi zina zonse m'kati mwake, osati S(q) ya m'buku.

Njirayi imafuna chinthu chimodzi, kuti tinthu tisasinthe mukathira madzi. Timipira ta silica sitisintha. Ma micelle amasintha: ambiri amakula kapena kutalika sopo akachuluka, ndipo pansi pa CMC, kuchuluka kwa sopo kumene ma micelle amayambira kupangika, amasowa kumene. Mapuloteni ena amakhala awiriawiri akachulukana n'kulekana akasungunulidwa. Pa zoterezi P(q) ya sampulo yosungunuka si ya sampulo yokhuthala, ndipo kugawa mizere kumakupatsani S yopeka.

Pa sampulo zotere m'pamene njira ya GIFT, ya Judith Brunner-Popela ndi Otto Glatter ku Graz mu 1997, imathandiza. Siikufunsani mawonekedwe a kanthu. Imapeza p(r), kamwazikidwe ka mitunda ya m'kati mwa kanthu kamodzi, mwaufulu, koma S(q) yokha ndiyo imatengedwa ku model. Ndi njira yabwino yoonera ngati kanthu kakutalika pamene φ ikukwera. Koma sinathawe funso lathu, yangolisamutsa. S(q) ikalakwika, cholakwikacho chimakabisala mu p(r), ndipo mumachiona ngati mchira wa p(r) wolowa pansi pa ziro kapena wogwedera.

Pakati pa zonsezi, chimene ine ndimakonda ndi kuyeza sampulo zingapo zosiyana φ n'kuzipanga fit nthawi imodzi, mawonekedwe a kanthu atamangidwa pamodzi pa mizere yonse, φ iliyonse itakhomedwa pa nambala ya m'labotale. SasView ndi SASfit zonse zimalola zimenezi. Njira yolakwika yophatikizira ikhoza kunamiza mzere umodzi, koma kunamiza mizere isanu ndi radius imodzi n'kovuta. Imayamba kupatuka pa sampulo yokhuthala kwambiri, pa q yaing'ono, m'mwamba ngati ndi β pa timipira tolimba, ndipo pa nsonga ngati n'kungochulukitsa. Musaiwale resolution ya makina pochita izi. Pa SANS (kuyeza ndi ma neutron), Δλ/λ (kumwazika kwa wavelength) ya magawo 10 pa 100 si yachilendo, ndipo imafafaniza dzenje loyamba la P(q), lija la pa qR = 4.49, monga momwe kusiyana makulidwe kumachitira. Ikasiyidwa kunja, pulogalamu imaiwerenga ngati kusiyana makulidwe, σ/R n'kukwera, ndipo β imatsika nayo limodzi.

Ngati muli ndi mzere umodzi wokha ndipo simungayezenso, pangani fit katatu kapena kanayi: ndi 0, ndi 1, ndi local monodisperse ngati pulogalamu ili nayo, ndiponso ndi radius_effective_mode ina. Lembani R, σ/R ndi φ za fit iliyonse pambali pa zinzake. R nthawi zambiri imasuntha pang'ono, chifukwa imagwidwa ndi q yapamwamba kumene S(q) yabwerera kale pa 1. φ, chaji ndi mphamvu ya kukokana ndizo zimayendayenda. Kutalikirana kwa manambala amenewo ndiko kukayikitsa kwenikweni kwa zotsatira zanu, ndipo kawirikawiri kumaposa ± imene pulogalamu imalemba pambali pa nambala iliyonse, popeza ± imeneyo imawerengedwa poganiza kuti model ndi yolondola. Polemba lipoti tchulani pulogalamu ndi version yake, njira yophatikizira, ndi mmene radius ya S(q) inapezekera, chifukwa sphere@hardsphere ya mode 0 ndi ya mode 1 pa deta imodzi ndi ma model awiri osiyana.